Miyeso ya Ana a Chifunga

Ndili ndi buku la miyeso, chikuto chinathothoka kale,
limagona m'kabati pansi pa makina osokera.
Wofuna mbiri ya Ana a Chifunga
asavutike ndi mawailesi.
Abwere ku Chibavi, pakhonde langa,
ndimuwerengere m'mainchesi.

Tsamba loyamba: anthu anayi.
Walusungu Chavula, chiuno 28, mwendo ngati bango.
Tiyezge Harawa, woimba, sanalole tepi imufike pakhosi.
Zikani ndi Suzgika Luhanga, apachibale,
ovina osatha kuima chilili
mpaka ndinawabaya ndi phini onse awiri.

Anabwera ndi makatani a pa kaunjika,
onyezimira, onunkha hotelo ya dziko lina.
Ndisokereni majekete, adada,
tilipira theka,
theka linalo mudzalimva pa wailesi.
Ndinaseka. Ndinadula.

Ng'oma zawo zinkatuluka m'kompyuta yobwereka ku Katoto,
yotentha msanga ngati mbaula.
Usiku woyamba, mu holo ya ku Luwinga,
magetsi anathima pa nyimbo yachiwiri.
Tiyezge sanasiye.
Anthu anamugwirira nyimbo ndi m'manja,
apachibale aja akuponda simenti mumdima,
ine kumbuyo ndikupemphera chinthu chimodzi:
msoko wa m'khwapa usaphotchoke.

Kenaka Usandiponde Nsapato inagwira tauni ngati chimfine cha Juni.
Anyamata a sakaramento ankaikwera nayo mtunda wa Masasa,
amayi a nthochi kudepoti ankaiimba akubweza chenji,
minibasi ya ku Ekwendeni inkaibwereza mpaka kondakitala kusasa mawu.
Ine ndinasoka masuti khumi ndi awiri chaka chimenecho,
ofiira, asiliva, ena a chitenje cha mphezi.
Theka lija sindinalilandirebe.

Apa pali masamba atatu opanda kanthu.
Lilongwe. Chikho chagalasi. Chithunzi m'nyuzipepala
atavala zogula ku Joni.
Ndinkauza makasitomala kuti sindikudandaula,
koma singano inkathyoka kawirikawiri miyezi imeneyo.

Anabwerera usiku wina wamvula, Zikani atanyamula buluku
long'ambika kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.
Za ku Joni n'zoimira pa chithunzi, ndinatero,
sizidziwa kuti munthu amagawa miyendo.

Zotsatira ndinazimvera m'matumba a majekete
obwera kudzakonzedwa:
risiti ya lendi ya situdiyo yosalipidwa,
nambala ya manijala yokhwatchidwa mpaka pepala kubooka,
kalata ya Tiyezge ya kusukulu ya unamwino,
tikiti ya basi ya Suzgika, yopita kokha.

Tsamba la makumi anayi sindilitsegula kawirikawiri.
Chifunga cha ku Chikangawa, lole ya matabwa.
Mayi ake a Zikani anati mumudziwa thupi lake ndinu,
ndipo ndinasoka suti yakuda osamuyeza,
kutsatira manambala akale.
Ndinasiya malo m'mawondo, mwa chizolowezi.

Zaka zapita. Achinyamata a lero amaidula nyimbo ija
tizidutswa, kuiika m'mafoni,
osadziwa kuti ili ndi eni ake.

Dzulo njinga yamoto yaima pamatope apa.
Monile adada.
Walusungu, imvi m'ndevu, jumbo m'manja.
Akuti kuli ukwati ku Mchengautuwa,
mkwatibwi ndi mwana wa anthu awiri
amene anapondana nsapato mu holo ya ku Luwinga ija,
ndipo Tiyezge wapempha tchuthi kuchipatala.
Suzgika sakuyankha foni.

Wasolola jekete la katani, lazilala m'mapewa.
Ndamuzunguliza tepi: 41.
Waseka mwamanyazi, nati basi, tigule nsalu ina.

Ndatembenuza jekete, ndamuonetsa mkati.
Tsiku lija ndinapinda nsalu yambiri m'misoko,
poti ana owonda chonchija
ndinkaganiza kuti tsiku lina adzadya bwino.
Sikwanira yonse, ndamuuza, mabatani usatseke.
Ubwere Lachinayi.
Ubwere ndi theka lija.